Chipaipi cha Alamu

Namagalasi ankagwira ntchito m'sitolo ya magalasi a maso. Dokotala akamaliza kumuyeza munthu, zotsala zinali zake: kusankhitsa mafulemu, kutenthetsa timiyendo ta magalasi n'kutipinda kuti tigwire bwino kuseri kwa khutu, kumanga tizitsulo tating'ono toti kakagwa pansi kamasowa mpaka kalekale. Anali mkazi wofatsa, wosakwatiwa, mzime kwawo. Moyo wake unali sitoloyo, kanyumba kake ka lendi, ndi kwa mkulu wake komwe ankaswera Lamulungu lililonse. Dzina la Namagalasi anamupatsa ndi alamu ake, amuna a mkulu wakeyo, tsiku lomwe anamulowetsa m'masewera awo.

Masewerawo pa foni ali ndi dzina lachingelezi lopinda lilime, koma gulu lawo linkangoti kusaka. Munthu amatenga kachitini kapena kabotolo, amaikamo kapepala ndi tizidole, n'kukabisa penapake m'tauni, kaya kuseri kwa chikwangwani, kaya pamphanda ya mtengo, kaya kunsi kwa benchi. Akatero amaika chizindikiro pa mapu a pa foni. Anzake amatsatira mapuwo, akakapeza amasaina dzina lawo lamasewera, n'kukabwezera mwakachetechete odutsa asanaone. Mphotho palibe. Asisi ake, mkulu wake uja, ankati ndi chibwana cha anthu a imvi, koma kwa Namagalasi chinali chinthu choyamba chomwe chinamutulutsa m'nyumba Loweruka. Anadziwa tinjira ta m'tauni tomwe sakanatiponda, ndipo anapeza anzake oseka nawo.

Alamuwo m'gulu ankatchedwa a Kampasi. Kuntchito anali wachiwiri kwa mkulu woona za chitetezo pa depoti yosungira mafuta, ndipo kuphunzitsa kunali m'magazi mwawo. Aliyense wolowa kumene ankayamba wamva malamulo awo. Chitini chizikhala choonekera mkati, cholembedwa panja kuti ndi cha masewera. Chakuda ayi, chokulunga ndi mawaya ayi, chooneka ngati paipi ayi ndithu, chifukwa munthu wamantha akachiona saganiza za masewera. M'chikwama muzikhala cholembera, kagalasi ka pandodo koonera kunsi kwa zinthu, kopanira kakang'ono, tochi, ndi magolovesi owala ngati a kudimba, osati akuda ngati a wothyola nyumba. Pabanki, pasukulu ndi pamalo a mafuta osabisapo kanthu eni ake asanalole. Akafika pa nkhani ya apolisi ankaimirira n'kuika manja kumbuyo.

"Wapolisi akakuimitsa usathawe, usapise dzanja m'chikwama, usapeke nkhani. Nena zoona, umuonetse mapu pa foni. Choonadi sichigona m'chitokosi."

Namagalasi ankawamvera ngati mwana wa sukulu wa pabenchi yakutsogolo. Chikwama chake anachilongedza ndendende momwe iwo ananenera. Bambo awo atamwalira, a Kampasi ndiwo anatsala mwamuna wamkulu pabanjapo, ndipo iye ankawatenga ngati mchimwene weniweni.

Lamulungu lina masana ali pabalaza, asisi ake akusita mayunifolomu a ana pathebulo, a Kampasi anatsitsa wailesi ya kanema n'kunena kuti ali ndi kantchito kofuna munthu wodalirika. Anati anabisa chitini china kuseri kwa depoti, kunsi kwa chitsulo cha mpanda, koma chalowa madzi ndipo chikufunika kuchotsedwa. Iwo sabata imeneyo inali ya misonkhano yokhayokha. Popeza sitolo ya magalasi sinali kutali, mwina mlamu akanadutsako nthawi ya nkhomaliro. Namagalasi anafunsa ngati amenewo si malo a mafuta omwe iwo omwe amaletsa. A Kampasi anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kunena kuti chilolezo cha pamalopo chimachokera kwa ndani ngati si iwo. Anamuuza kuti awerenge mizati kuchokera pachipata chakumbuyo mpaka pomwe pali chitsulo chopindika. Anamubwereka kawaya kokowera, ndi magolovesi awo achikopa akuda poti chitsulocho chinali cha dzimbiri ndipo ake opyapyala akanang'ambika.

Asisi akewo sanadzutse mutu. Anatembenuza shati, n'kuwaza madzi pakolala, n'kungoti azisamala ndi zibwana zawozo.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo, Namagalasi anavula gauni yoyera ya kuntchito, anakoleka chikwama paphewa n'kuuyamba wa kudepoti. Kanjira ka kuseri kanali kafumbi, mbali ina mpanda wachitsulo wautali, mbali ina khoma la galaja lodetsedwa ndi oilo. Fungo la mafuta linali lokwera m'mutu. Anapeza chitsulo chopindika chija, anagwada ngati akumanga nsapato, n'kulowetsa kagalasi kunsi. Chomwe anaona chinamudabwitsa. Chinali chipaipi chakuda chachitali ngati mkono, chotsekedwa uku ndi uku, chokulungidwa ndi tepi, chomatidwa ndi maginito, kawaya kofiira kakulendewera kumapeto. Chinali chilichonse chomwe a Kampasi ankaletsa, chitaikidwa pamodzi. Anadziyankha yekha kuti mwina n'chakale, cha nthawi yomwe alamu anali asanaphunzire. Anavala magolovesi aja, anakowa, chipaipi n'kugwera m'manja mwake.

Asanadzuke anamva galu akuuwa pafupi kwambiri, ndi mawu a mwamuna akumuuza kuti aike pansi chimene wanyamulacho pang'onopang'ono. Potembenuka anaona alonda atatu a depoti ndi apolisi awiri, mmodzi mfuti ataikweza. Anatulukira m'galaja muja. Zinkaoneka kuti anali atakhalamo kale.

Miyendo inamuuza kuti athawe, koma anakumbukira phunziro. Anaika chipaipi pansi, anakweza manja, n'kunena kuti ndi masewera chabe, ndipo ngati angamulole atulutse foni awaonetsa. Wapolisi wamtali anaitulutsa yekha m'thumba mwake n'kumupatsa kuti atsegule. Mapu anatseguka. Tizizindikiro tonse ta m'tauni tinalipo, ka kupaki, ka kulaibulale, ka pamlatho. Pa depoti, pomwe pankayenera kukhala chizindikiro cha chitini cha alamu, panali poyera. Anakulitsa, anachepetsa, anatseka n'kutsegulanso, koma panalibe kanthu. Anapempha kuti aimbire yemwe anamutuma. Foni ya a Kampasi inaitana mpaka kuduka. Kachiwiri inangoti nambalayo siikupezeka.

Anamukhazika m'fumbi manja ali pamutu, magolovesi akuda akadali m'manja. Belu la ngozi linalira mkati mwa depoti, antchito n'kuyamba kutuluka piringupiringu. Kanjira kaja anakatseka ndi chingwe, ndipo kuseri kwa chingwecho anthu anadzaza, aliyense foni m'mwamba. Anamva mayi wina akuuza mnzake kuti masiku ano ngakhale akazi ovala bwino ayamba zoopsa. Namagalasi anaweramitsa mutu, thukuta likutsetsereka pamphuno, magalasi ake akutsika, wopanda dzanja lowakwezera.

Kupolisi anamulowetsa m'chipinda cha thebulo limodzi ndi mipando yosiyana mitundu. Pawindo panali mawaya, pakhoma kalendala ya chaka chatha. Amene ankamufunsa anali mayi wina sajeni, wonenepa, wa mawu otsika, yemwe sankafulumira pa chilichonse. Anayala zinthu za m'chikwama pathebulo chimodzichimodzi: kagalasi ka pandodo, kopanira, tochi, kawaya, magolovesi. Namagalasi ataziona zitandandalikidwa choncho, iye mwini anavomereza mumtima kuti ndi katundu wa mbava. Anafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, momwe masewerawo amakhalira, amene anamutuma, ndi ntchito yomwe munthuyo amagwira. Atatchula za wachiwiri kwa mkulu wa chitetezo, a Sajeni anasiya kulemba n'kumuyang'ana.

Patapita nthawi wapolisi wamtali uja anabwera ndi chipaipi chitatsegulidwa ndi akatswiri. Munali kapepala konyowa kodzaza mayina opeka, wezulo ya pulasitiki ndi kagalimoto kachidole kopanda tayala. A Sajeni anati chinthucho si bomba, zimenezo zatha, koma nkhani siinathe. Kwa masabata angapo alonda a depoti ankaona anthu achilendo akugwada pampanda womwewo n'kuchoka. Akuluakulu a depoti anachita mantha, anaitana apolisi, ndipo sabata yathayo anagwirizana zoika anthu m'galaja muja kuti agwire wotsatira. Pamsonkhano umenewo, anatero a Sajeni akuyang'ana cholembera chawo, wachiwiri kwa mkulu wa chitetezo analipo, ndipo ndiye anasonyeza apolisi pobisala pabwino.

Namagalasi anayesa kudziuza kuti mwina alamu anaiwala, mwina anasokoneza masiku, koma iye mwini sanazikhulupirire.

Chitseko chinatseguka. Analowa abwana a depoti, bambo wa dazi wopukuta thukuta ndi mpango, kumbuyo kwawo a Kampasi atavala jekete yowala ya kuntchito, chipewa cholimba chili m'khwapa. Mtima wa Namagalasi unadumpha ndi chimwemwe chopusa. Anadzuka pampando ngati mwana woona kholo pachipata cha sukulu.

A Kampasi anamuyang'ana n'kupukusa mutu mwachisoni. Anatembenukira kwa abwana awo n'kunena kuti sangabise, mayiyu ndi mlamu wawo, mng'ono wa mkazi wawo. Masewerawo amawadziwa, ngakhale iwo anasewerako pang'ono kale, ndipo akhala akumulangiza mlamuyu kambirimbiri kuti malo ngati depoti si osewererapo. Ananyamula chipaipi ndi zala ziwiri n'kufunsa kuti munthu wanzeru angabise bwanji chinthu chooneka chonchi pafupi ndi matanki a mafuta. Koma, anapitiriza, ndi mwana wabwino, wosungulumwa chabe, alibe mtima woipa. Iwo akumupepesera ndipo akulonjeza kuti sizidzachitikanso.

"Alamu," anatero Namagalasi, "ndinu munandituma dzulo. Magolovesi awa ndi anu."

"Mwaonatu, mayi," a Kampasi anauza a Sajeni mofatsa. "Mantha. Munthu akagwidwa amagwira chilichonse chili pafupi. Ine sindikumusungira chifukwa."

A Sajeni anafunsa ngati panali uthenga wa pa foni. Panalibe, zonse zinali zapakamwa. Anafunsa ngati panali wina amene anamva. Apa Namagalasi anapeza mpweya. Anati asisi ake analipo, m'chipinda chomwecho, pafupi ngati pomwe pali khomalo. A Sajeni anamukankhira foni yake n'kumuuza kuti aimbe mokweza kuti onse amve. A Kampasi anayang'ana kudenga.

Asisi anayankha msanga, ngati foni inali kale m'manja. A Sajeni anadzitchula, anafotokoza mwachidule, n'kufunsa ngati dzulo anamva amuna awo akutuma mng'ono wawo kudepoti. Kumbuyo kunkamveka mpopi ukutuluka madzi.

"Ine ndimasita," anatero asisi. "Za masewera awo sinditchera khutu. Sindinamve kanthu."

"Asisi," Namagalasi anaitana. "Ndine."

"Ndakumva. Ungopepesa, zithe."

Foni inaduka. Abwana a depoti anapumira m'mwamba n'kunena kuti ntchito yaima theka la tsiku chifukwa cha kagalimoto kachidole, ndipo akanakhala wina akanaonetsetsa kuti akafike kukhoti. Koma poti wachiwiri wawo wachita chamuna, waulula yekha chibale pomwe wina akanabisa, iwo nkhaniyi aisiya. Anawagwira a Kampasi paphewa. A Sajeni anamuchenjeza Namagalasi monga lamulo limafunira, ndi mawu opanda mchere, kenako anamubwezera zinthu zake m'chikwama. Magolovesi okha anawagwira kaye, anawatembenuza, anaika dzanja lawo lalikulu pamwamba pake ngati akuyeza, n'kuwakankhira mbali ya a Kampasi. A Kampasi sanawatole.

Pakhonde la polisi, abwana atapita kugalimoto, a Kampasi anamuyandikira n'kutsitsa mawu. Anati amvetse, chipaipicho akanachipeza alonda n'kufufuza mwini wake, iwo ntchito ikanatha tsiku lomwelo, ndipo ana atatu aja akanadya chiyani. Iye ndi mkazi, wooneka waulemu, alibe mbiri yoipa, ankadziwa kuti sangamusunge. Ndipo nayo, watuluka dzuwa likadalipo. Anamuuza kuti akwere amusiye kunyumba. Namagalasi anawayang'ana nkhope yonse, masharubu odulidwa bwino, kachipsera ka pachibwano, nkhope yomwe anaidziwa kuyambira iye ali kusekondale, n'kuona kuti munthuyu sakuchita manyazi n'komwe. Ankaoneka ngati wamaliza ntchito yovuta bwinobwino. Iye anatsika masitepe n'kuyenda wapansi.

Kanema wa mayi wa magolovesi akuda atakhala m'fumbi anayenda m'mafoni kuposa moto wa m'chilimwe. Zoti m'chipaipi munali chidole sizinayende nawo. M'sitolo munayamba kubwera anthu a maso abwinobwino, ongofuna kufunsa mitengo akumuyang'anitsitsa. Kasitomala wina wakale anakana kuti amugwire kumaso. Dokotala, munthu wosakonda phokoso, anamupempha kuti kwa kanthawi azikhala kuchipinda chakumbuyo kodulira magalasi, komwe kunali makina ndi fumbi loyera, kopanda windo. Ku gulu la osaka a Kampasi analemba uthenga wautali wa malangizo. Sanatchule dzina. Anangoti zomwe zachitikira mnzathu wina zikhale phunziro kwa tonse pa kasankhidwe ka zida ndi malo, ndipo anthu anayankha ndi tizithunzi ta manja owomba. Namagalasi analemba yankho, analiwerenga, anaganiza za ana a asisi ake, n'kulifufuta. Kenako anatuluka m'gululo.

Asisi anabwera kusitolo sabata yotsatira, magalasi awo atapindika mwendo umodzi. Anati mwana anawakhalira. Namagalasi anawalowetsa kuchipinda chakumbuyo, anawakhazika pampando, anayatsa kotenthetsera. Ntchito imeneyi imafuna kuti uyang'ane munthu m'maso pafupi, kuona ngati magalasi akhala molingana. Asisi maso awo ankathawira kumbali.

Anayamba ndi zoti chibale ndi fupa, sichiola. Anati banja ndi lovuta, iye sangadziwe poti sanalowemo. Namagalasi anangofunsa chinthu chimodzi, ngati pomwe ankasita paja ankadziwa kuti m'galaja muli apolisi. Asisi anapotokola lamba wa chikwama chawo.

"Anandiuza Loweruka. Sanagone masiku onsewo, ukanawaona. Tinkati ukafika nthawi ya nkhomaliro apolisiwo akhala atapita kukadya."

"Tinkati," anabwereza Namagalasi.

"Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndikanakuuzani. Mwina ndikanapitabe, asisi. Mukanangondipempha."

Asisi analira pang'ono, mosamala kuti dokotala asamve. Namagalasi anawaveka magalasi, anakankha pamphuno, anaona kuti akhala bwino, n'kuwatsegulira chitseko. Sanawakalipire. Ankaona ngati akutumikira mayi wina aliyense wobwera ndi fulemu yopindika, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa fumbi la kudepoti.

Madzulo ena akuchapa gauni yake ya kuntchito m'beseni, amayi awo anaimba foni. Anali okalamba, okhala kutali, ndipo nkhani zinkawafika mochedwa komanso zitasefedwa. Anati amva zonse, ndipo mtima unangotsala pang'ono kuima. Mwamwayi Mulungu anawapatsa mkamwini wabwino, wosiya ntchito yake n'kuthamangira kupolisi kukachotsa mlamu wake, pomwe ena akanangoti adziona yekha. Koma chomwe chawakhumudwitsa n'chakuti akumva kuti mpaka lero iye sanapite kukathokoza. Kodi anamulera choncho?

Namagalasi anapukuta manja pasiketi, anakhala pakhonde, n'kuwapempha amayi kuti amumvere mpaka amalize. Anawauza zonse mwadongosolo, za chipaipi, za msonkhano wa kudepoti, za foni ya pathebulo la a Sajeni, za mawu a asisi kuchipinda chakumbuyo. Sanawonjezere, sanachotsere.

"Ndamva, mwanangu," anatero amayi pomaliza. "Ngati zili choncho, anakulakwira. Koma iwe ndiwe wamng'ono. Mkulu wako ali ndi nyumba yoti aisunge. Upiteko, ukangoti zikomo ndi pakamwa, mumtima udziwa wekha."

"Ayi, amayi. Kumeneko sindipita."

Aka kanali koyamba kuwakaniza amayi ake chinthu chilichonse. Iwo anadandaula kuti ana awo awiri okha akufuna kuwaika m'manda asakulankhulana, kenako, poona kuti mwana sakusuntha, anasintha nkhani n'kunena kuti mankhwala awo a m'maso atsala pang'ono. Namagalasi anati awatumizira mawa. Atatsazikana anabwerera kubeseni, anafinya gauni ija, n'kukaiyanika pachingwe cha kuseri kwa nyumba.